Kukha magazi pa tsiku la 7 atachotsedwa ma tonsils: nkhani ya mtsikana wa zaka 9 m'chilimwe cha ku Chipata

Funso limene landilembetsa lipotili silinachokere kwa dokotala mnzanga. Anandifunsa ndi amayi a mwanayo, titaima pakhomo la fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, m'mawa wina wa mu October, chitenje chawo chili gwa ndi magazi ouma. "Adokotala, kodi ndi dzuwali lachita zimenezi?" Ndinangoti, "Iyayi amayi, si dzuwa," n'kulowa kukasamba m'manja. Nthawi yofotokoza panalibe. Koma yankholo linali lopereŵera, ndipo mwana atachira ndinakhala pansi ndi faelo yake kuti ndione bwinobwino pamene nyengo inalowerera. Makolo anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Dzina la mwana ndi la mudzi ndazisiya.

Wodwala

Mtsikana wa zaka 9, wolemera makilogalamu 26, wochokera m'mudzi wina wa kumbali ya msewu wotsikira ku Mambwe, kumene kutentha kwake kumaposa kwa m'tauni muno. Anabwera chifukwa cha zilonda zapakhosi zosatherapo. Kabuku kake ka kukiliniki kanaonetsa maulendo 7 m'chaka chimodzi, ulendo uliwonse thupi lotentha, ma tonsils (timinofu tiwiri ta m'mbali mwa kukhosi) otupa ndi mafinya, mwanabere m'khosi. Muyezo umene timayendera kuti tichotse ma tonsils ndi wodziwika: maulendo 7 m'chaka chimodzi, kapena 5 pachaka kwa zaka ziwiri, kapena 3 pachaka kwa zaka zitatu. Iye anakwanira. Kuwonjezera apo ankaliza mkonono usiku uliwonse, mpweya n'kumadukiza, moti amayi ake ankachita kumugwedeza.

Tisanachite opaleshoni tinayeza magazi. Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi) inali 11.4, ma platelet (tizigawo ta magazi tothandiza kuti aundane pa bala) ali bwino, malungo palibe, sickle cell palibe. Ndinafunsa ngati m'banjamo muli wina amene amakha magazi nthawi yaitali akazula dzino kapena akabereka, kapena ngati mwanayo amatuluka kamfuno kawirikawiri. Onse anakana.

Tsiku loyamba limene tinamupatsa linali mu August, pa holide ya sukulu. Atafika anali ndi chimfine ndi chifuwa cha fumbi la mweziwo, ndiye tinamubweza. Mpata wotsatira unapezeka mu October. Panthawiyo sindinaganizeko n'komwe kuti kusintha kwa mwezi kuli ndi kanthu.

Opaleshoni

Inayenda popanda chovuta. Tinachotsa ma tonsils onse awiri ndi zitsulo, n'kumanga mitsempha ndi ulusi. Kumanzere, cham'munsi pafupi ndi tsinde la lilime, panali potuluka magazi pang'onopang'ono pamene ndinaotchapo ndi bipolar, kachitsulo ka magetsi kotsekera mitsempha, kawiri kapena katatu. Magazi otayika anali pafupifupi 60 ml. Analandira dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa ndi nseru, kamodzi ali mtulo. Madzulo anamwa madzi, m'mawa anadya phala, ndipo tinamutulutsa ndi paracetamol woti azimwa maola 6 alionse.

Malangizo ndinawapereka ndekha, ndili chiimire, odwala ena akundidikira. Ndikukumbukira mawu anga: azidya, azimwa madzi ambiri, mukaona magazi mubwere. Amayi anati, "Zikomo adokotala, tamva." Sindinanene kuti madzi ambiriwo ndi ochuluka bwanji. Sindinawauze kuti kukhosi kudzayera. Sindinatchule mankhwala oti asamwe. Ndipo sindinafunse kuti usiku kumudzi kwawo galimoto imapezeka bwanji.

Zimene zinachitika kumudzi

Mbiri iyi ndinaitola pang'onopang'ono, ina kwa amayi, ina kwa ambuye a mwanayo, agogo ake, amene anabwera tsiku lachiwiri ndi dengu la zakudya.

Masiku awiri oyamba zinthu zinali bwino. Kuyambira tsiku la 4 ululu unakula, ndipo mwana anayamba kudandaula makutu. Zimenezi n'zachizolowezi: mtsempha wa ululu wa kukhosi umagwiranso khutu, ndipo ana ambiri amamva kuwawa kwambiri pakati pa tsiku la 4 ndi la 7 kuposa tsiku la opaleshoni lenilenilo. Koma kunyumba paracetamol ankamupatsa akalira basi, osati pa nthawi yake. Kumeza kutayamba kupweteka, mwana analeka kumwa. Phala ankangolinyambita. Ndinafunsa amayi kuti ankakodza kangati, iwo anaganiza kaye, n'kunena kuti mwina kamodzi patsiku, mkodzo wake ngati tiyi wopanda mkaka.

Nyumba yawo ndi ya malata, yopanda siling'i. Aliyense wokhala kuno akudziwa mmene chipinda chotero chimakhalira mu October: masana sungakhalemo, usiku malata amakhala akubwezabe moto wa masana. Mwanayo ankagona kukamwa kuli yasa, monga anazolowera kuyambira kale, ndipo ankadzuka milomo itang'ambika, lilime louma.

Tsiku la 5 ambuye anamuunika kukamwa ndi tochi ya foni, n'kuona zoyera mbuu mbali zonse ziwiri. Iwo anati bala lachita mafinya. Si mafinya. Ndi nkhanambo ya bala la m'malo onyowa, imene imayera m'malo moda, ndipo pansi pake ndi pamene mnofu watsopano ukumera. Poona kuti mankhwala a kuchipatala "sakugwira", anatuma mnyamata ku kantemba kukagula mapiritsi a mutu. Kapepala kake anabwera nako, atakamanga pa mfundo ya chitenje. Munali asipilini. Mwana anamwa theka la piritsi kawiri patsiku kwa masiku awiri, ndipo ululu unachepadi, moti ambuye anaona ngati athandiza.

Tsiku la 6 madzulo analavula malovu a timizere ta magazi. Zinasiya zokha, ndipo banja linagwirizana zodikira kuche. Cha m'ma 2 koloko usiku anadzuka n'kusanza magazi akuda odzaza kapu ya tiyi, kenaka ofiira anayamba kutuluka m'kamwa. Anamunyamula pa njinga yamoto, ali pakati pa woyendetsa ndi amayi ake, mpaka ku kiliniki yapafupi. Namwino wa kumeneko anachita zoyenera: anamukhazika tsonga, anaika diripi, anaitana ambulansi ndipo anatiimbira foni. Anafika kwa ife nthawi ili 06:40, patapita maola oposa anayi chiyambireni kusanza.

Atafika

Anali wotuwa, manja ozizira, koma akuyankha. Mtima unkagunda 138 pa mphindi, BP 98/60, kupuma 26, thupi 37.9. Chikhadabo ukachifinya, magazi ankabwerera patapita masekondi atatu. Chimene chinandiopsa koposa sichinali pa makina: mwanayo ankangomeza, kumeza, kumeza, ngati munthu amene akumwa kanthu. Mwana akamatero ndiye kuti magazi akutsikira m'mimba, ndipo amene mukuwaona m'beseni ndi ochepa poyerekeza ndi amene atayika. BP yake isakunamizeni. Ana amaigwira mpaka kumapeto, kenaka imagwa kamodzin'kamodzi. Mwana wa makilogalamu 26 ali ndi magazi osakwana malita awiri m'thupi lonse, choncho makapu awiri kwa iye ndi nkhani yaikulu.

Kukhosi, kumanja kunali nkhanambo yoyera yabwinobwino. Kumanzere kunali chibuma cha magazi oundana, ofiira akutsetsereka m'munsi mwake. Sindinachikhudze. Chibuma chotero sichichotsedwa mu wodi, pakuti chingakhale ndicho chatseka mtsempha.

Tinaika diripi yachiwiri, tinatenga magazi a Hb ndi oyezera gulu, tinamupatsa madzi a m'diripi a Ringer's 260 ml kawiri, ndi tranexamic acid, mankhwala oletsa kukha magazi, 390 mg m'mtsempha, kutengera 15 mg pa kilogalamu. Hb inatuluka 8.1, ndipo tinadziwa kuti itsikabe madzi akalowa, inafikadi 7.2. Malungo panalibe, ma platelet anali okwanira m'chiwerengero. Ndinayesa kupanikiza ndi gozi wonyowetsedwa mu adrenaline, mankhwala ofinya mitsempha ya magazi, koma mwana anali ndi mantha, akuchita kudzuka nseru, ndipo ndinaona kuti ndikungoononga nthawi. Tinapita ku fiyeta.

Ntchito yoopsa pa opaleshoni yachiwiriyi ndi ya wogoneka wodwala ndi mankhwala, osati ya wodula. Mimba imakhala yodzaza magazi, kukhosi sikuoneka, ndipo thupi lachepa madzi. Mnzanga wogoneka anakonzeratu makina awiri oyamwira, machubu opumira a misinkhu iwiri, n'kumugoneka mwachangu osapopera mpweya m'mimba. Chubu chinalowa ulendo woyamba. Nditachotsa chibumacho, kamtsempha kanaoneka kakuthamanga cham'munsi kumanzere, pamalo omwe aja ndinaotcha sabata yapitayo. Mnofu wake unali wofewa, wosagwira chomangira, ndiye ndinasoka ndi ulusi wosungunuka mozungulira mpaka panauma. Tisanamudzutse tinatsitsa chubu m'mimba, n'kutulutsa pafupifupi 200 ml ya magazi akuda ngati matsalira a khofi. Analandira magazi 260 ml ndi maantibayotiki.

Anagona masiku anayi. Tsiku loyamba diripi, lachiwiri phala ndi maheu ozizira, lachitatu nsima yofewa ndi therere. Paracetamol ankamwa motsatira wotchi, ngakhale asakulira. Anatuluka Hb ili 9.6, ndi mankhwala owonjezera magazi. Ulendo uno sanabwerere kumudzi: anakhala kwa achibale ku Kapata mpaka masiku 14 atakwana kuchokera pa opaleshoni yachiwiri.

Kodi linali dzuwa?

Tiyambe ndi zokhazikika. Kukha magazi pambuyo pa opaleshoniyi kuli mitundu iwiri. Kwa m'maola 24 oyamba kumakhala kwa mtsempha umene sunamangike bwino. Kwa pambuyo pake, makamaka pakati pa tsiku la 5 ndi la 10, kumadza nkhanambo ikamasenda mnofu wapansi usanakhwime. Mtundu wachiwiriwu umagwera odwala ochepa pa 100 alionse, akuluakulu kuposa ana, ndipo umachitika m'maiko onse, m'nyengo zonse. Bala la tonsil silisokedwa. Limasiyidwa lotseguka, pamalo podutsa chakudya, malovu ndi mpweya, ndipo magazi ake amachokera ku nthambi zingapo za mtsempha waukulu wa m'khosi. Tsiku la 7 ndi tsiku lake lenileni la vutoli, kaya kunja kukutentha kaya kukuzizira.

Za nyengo, madokotala akhala akutsutsana kwa zaka zambiri. Kafukufuku wa ku Scotland wofalitsidwa mu 2005 anapeza kuti kukha kwa mtundu wachiwiri kunkachepa m'miyezi yofunda ndi yachinyezi. Wina wa ku England wa mu 2007, wa odwala oposa 250,000, anapeza kuti obwerera ku fiyeta ankachuluka kawiri pachaka, m'nyengo yozizira ndi yotentha. Ena anapeza kuti nyengo ilibe gawo. Ine pa zonsezi ndimaonapo chinthu chimodzi: mwezi umene ku Scotland amati wotentha, masana ake ndi ozizira kuposa a June wa ku Chipata. Zimene anapeza kumeneko sizingatiuze zambiri za mwana wogona pansi pa malata ku chigwa cha Luangwa, kumene mu October kutentha kumafika madigiri 40.

Anthu akwathu nawo ali ndi maganizo awo. Ambiri amakhulupirira kuti bala la m'chilimwe limachucha ndiponso limachedwa kupola, ndipo odwala ena akuluakulu amandipempha okha kuti opaleshoni yawo idikire chisanu. Sindiwaseka. Koma m'faelo ya mtsikanayu sindikupezamo pamene kutentha kunatsegula mtsempha pakokha. Ndikupezamo mndandanda wa zinthu zokokana, ndipo dzuwa likuoneka pa mfundo ziwiri kapena zitatu za mndandandawo.

Mwana wa makilogalamu 26 amafunika madzi okwana pafupifupi lita imodzi ndi theka patsiku, ali phee m'nyumba yozizira bwino. Mu October, thukuta likutuluka usana ndi usiku, amafunika oposa pamenepo. Uyu ankamwa mwina kapu imodzi. Madzi akachepa m'thupi malovu amachepa, kukhosi kumauma, kumeza kumapweteka koposa, ndiye mwana amalekeratu kumwa. Nkhanambo youma, yosatsukidwa ndi chakudya chodutsa, imakhuthala n'kusunga tizilombo, ndipo ikamachoka imachoka ndi chigamba chachikulu. Umu ndi mmene ndikuonera ine monga wogwira ntchito, ndipo n'zogwirizana ndi zimene ndinaona ndi maso pa balalo. Komanso magazi atayamba kutuluka, anatuluka mwa mwana amene anali wouma kale, n'chifukwa chake anafooka msanga.

Asipilini alibe nyengo. Amalemaza ma platelet kwa moyo wawo wonse, masiku 7 mpaka 10, moti ngakhale chiwerengero chituluke chabwino pa pepala la ku labu, ntchito yawo imakhala itafooka. Mwana wosakwana zaka 16 sayeneranso kupatsidwa asipilini chifukwa cha matenda a Reye, amene amaononga chiwindi ndi ubongo. Pa zonse zimene zinachitika kumudzi, ichi ndicho ndikuchiika patsogolo. Komabe ambuye sakanapita ku kantemba mwana akanakhala kuti sakulira, ndipo sakanalira chotero akanamamwa madzi ndi paracetamol pa nthawi yake. Sindikuwaimba mlandu. Anaona zoyera zimene palibe anawauza, ndipo anachita zimene agogo aliyense akanachita.

Dzanja langa nalo lili m'nkhaniyi. Kawuniwuni wamkulu wa ku England ndi Northern Ireland wa mu 2003 ndi 2004 anaonetsa kuti njira zootcha zimabweretsa kukha kwa pambuyo kochulukirapo poyerekeza ndi kudula ndi zitsulo n'kumanga ndi ulusi. Mtsempha umene unatseguka unali pamalo amodzi okhawo amene ndinaotcha. Zingakhale zongochitika, koma zingakhale zosayenera kuti ndilembe za dzuwa ndi za ambuye n'kudumpha zimenezi.

Nyengo zinazo nazo zili ndi zake. Mu June ndi July mpweya ndi wouma, anthu amagona ndi mbaula m'nyumba, utsi ndi chimfine zili paliponse, ndipo mwana wotsokomola amagwedeza bala. Mu August ndi September kuli mphepo, fumbi ndi utsi wa tchire lotenthedwa. M'dzinja mpweya ndi wachinyezi, koma malungo amatsitsa magazi a ana, ndipo mitsinje ikadzaza ulendo wa maola anayi uja ukhoza kusanduka wa tsiku lonse. Mtsikanayu akanakha magazi mu February, sindikukhulupirira kuti njinga yamoto ikanadutsa usiku umenewo. Palinso kalendala ya sukulu: makolo amakonda opaleshoni ya pa holide kuti mwana asajombe, koma magazi ambiri a m'nkhokwe amapereka ndi ana a sekondale, ndipo masukulu akatseka nkhokwe zimachepa. Tsiku limenelo, sukulu zili zotsegula, magazi a gulu lake anapezeka msanga. Pa mfundo imeneyo October anatithandiza.

Zimene ndasintha

Sindinasiye kuchita opaleshoniyi m'chilimwe. Mwana amene mpweya ukumudukira usiku sangadikire miyezi 6 kuti kuzizire. Chimene chasintha ndi zimene ndimachita pa tsiku lotuluka.

Mawu oti "madzi ambiri" ndinawataya. Tsopano ndimapempha botolo la 500 ml limene kholo lili nalo, n'kunena kuti atatu otere patsiku kwa mwana wa msinkhu uwu, kukatentha anayi, pang'onopang'ono, kaya ndi madzi, kaya maheu, kaya thobwa wosasasa. Ndimawauza kuti aziwerenga mkodzo: akaona kuti tsiku latha mwana atakodza kamodzi kapena kawiri kokha, abwere, asadikire magazi. Paracetamol timalemba maola ake pa envulopu, ndi wa usiku womwe. Ndisanawatulutse ndimaitana kholo kuti liyang'ane kukhosi ndi tochi, n'kuliuza kuti mawa kapena mkuja muyera ndipo mununkha, si mafinya, osapala, osatokosa. Ndimafunsanso kuti kunyumba wosamalira mwana masana ndani, chifukwa nthawi zambiri amene wamva malangizo si amene amatsala ndi wodwala. Za mapiritsi a ku kantemba ndimanena mosabisa: chilichonse chosachokera kuno, ayi.

Za magazi, ngakhale kadontho m'malovu, ngakhale asiye okha, abwere nthawi yomweyo. Kukha kwakung'ono kwa madzulo a tsiku la 6 kunali chenjezo, ndipo akananyamuka pomwepo mwina sitikanafika poika magazi. Ochokera kutali, makamaka m'dzinja ndi mu October, ndimawapempha akhale kwa abale m'tauni milungu iwiri. Ena amadandaula za minda ndi ziweto, ndipo amene alibe kokhala timakambirana tsiku lina loti adzakwanitse.

Kwa anzathu a m'makiliniki amene mwana wotere angafikire usiku: mukhazikeni tsonga ataweramira kutsogolo kuti azilavula, asadye kapena kumwa kanthu, ikani diripi, musachotse chibuma, perekani tranexamic acid ngati alipo, ndipo tumizani ngakhale magazi aoneke kuti asiya. Imbani foni ali m'njira kuti fiyeta ndi magazi zikonzeke.

Kuonanso wodwala

Pa milungu iwiri mabala onse anali atatseka, Hb 10.3. Pa milungu 6 anabweranso, mvula yoyamba itagwa, nsapato zili matope. Kukhosi kunali kofiirira bwino, kosalala, ulusi utasungunuka. Hb inali 11.6, ndipo anali atawonjezera kilogalamu imodzi ndi theka. Anakhala pa benchi akudya mango, madzi ake akutsikira m'chigongono.

Ndinawafotokozera amayi ake zimene ndalemba pamwambazi, mwachidule, n'kuwauza kuti yankho langa la pakhomo la fiyeta lija linali la changu. Anamvetsera, kenaka anati vuto limene latsala ndi lawo: mwana sakulizanso mkonono, ndiye iwo amadzidzimuka pakati pa usiku, nyumba ili zii, n'kupita kukamuika dzanja pamphuno. Tinamutulutsa m'kaundula wa kiliniki yathu tsiku lomwelo, mankhwala owonjezera magazi apitirize kwa miyezi ina iwiri.